Funsani Malume: Zipolopolo Zapadera za Volovolo Tizinyamulira Pati?

Malume, ndine mnyamata wa zaka 26, ndimakhala ku Mabvuku ndipo ndimalondera usiku pa fakitale ina ku Msasa. Kampani imandipatsa volovolo ya .38 yolowa zipolopolo 6, ndi zina 6 zapadera. Zapaderazo ndimazikulunga m'kapulasitiki n'kuika m'thumba la malaya. Mnzanga wina ali ndi kalamba ka labala kamene amati speed strip, ndipo wina amene amaperekeza galimoto za ndalama ali ndi chobulungira chija chotchedwa speedloader. Malipiro anga ndi ochepa. Ndigule chiti?
Mlonda wa ku Mabvuku

Mphwanga, usanagule chilichonse, zipolopolozo zituluke m'kapulasitikimo. Nthawi imene ndinkayang'anira chipinda chosungira mfuti pa kampani ina ya alonda muno mu Harare, m'mawa uliwonse ndinkaona anyamata akupisa m'thumba n'kutulutsa zipolopolo pamodzi ndi makiyi, makobidi, nyenyeswa za buledi ndi ulusi. Chipolopolo chimene chatha mwezi chikugubuduka ndi makiyi chimakandika, mutu wake wa mtovu umaphwanyika m'mbali, ndipo zinyalala zimene chatola zimalowa nacho mu silinda, chigawo chozungulira chija cha mabowo olowa zipolopolo. Kamchenga kamodzi kakangokhala pansi pa kachitsulo kotulutsa makoko a zipolopolo zowombedwa, silinda imakana kutsekeka kapena imalimba pozungulira. Komabe chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi china. Tsiku limene udzazifune zipolopolozo kudzakhala mdima, mtima udzakhala ukugunda, zala zitauma ndi chisanu cha mu Juni. Udzayamba kulimbana ndi mfundo ya kapulasitiki, ukadzamasula udzagwira chipolopolo chozondoka, china chidzagwera m'ngalande. Akuluakulu anati fodya ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Zipolopolo zako ndi 6 zimene zili mu silinda. Zinazo zimakhala zako pokhapokha ngati manja ako akudziwa njira yozifikitsira mmenemo osayang'ana.

Anthu anafa kuti phunziro limeneli lidziwike. Mu Epulo 1970, pamalo otchedwa Newhall ku California, apolisi anayi a California Highway Patrol anaphedwa ndi zigawenga ziwiri pa mphindi zosakwana zisanu. Mmodzi wa iwo, James Pence, anawomberedwa ali mkati moika zipolopolo mu volovolo yake chimodzichimodzi. Masiku amenewo apolisi ankanyamula zipolopolo zapadera m'tizikwama ta pa lamba timene ukatsegula, zonse zimakhuthukira m'dzanja, ndiye uzitola ndi zala. Zitachitika zimenezo, apolisi akumeneko anasintha kaphunzitsidwe kawo ndipo anayamba kulola ma speedloader. Kapulasitiki kako kakuchepera ngakhale kachikwama kokhuthula kamene Pence anali nako.

Tsono tione ziwiri zimene waonazo.

Speedloader imagwira zipolopolo zonse mozungulira, mofanana ndi mmene mabowo a silinda anakhalira. Umalozetsa mitu yonse m'mabowo nthawi imodzi n'kumasula. Za kampani ya HKS zili ndi kamutu kopotokola, za kampani ya Safariland umangokankha ndipo zimamasuka zokha. Pa liwiro palibe chimene chimaiposa, zimenezo sinditsutsa. Koma iliyonse inapangidwira silinda ya msinkhu wakewake. Imene inapangidwira Smith & Wesson Model 10 siingalowe pa volovolo yaing'ono ya mabowo 5, ndiponso siingagwirizane ndi yaikulu imene mabowo ake anatalikirana. Iwe ukudziwa mmene zimakhalira pa kampani: lero wasainira mfuti iyi, mawa ija yapita kokonzedwa, akupatsa Taurus, mkuja ina. Palinso mfuti zina zimene chigwiriro chake ndi chonenepa chakumanzere, ndipo speedloader imagunda pamenepo isanalowe bwino. Kukula kwake n'kofanana ndi silinda yeniyeniyo, choncho m'thumba la malaya imatuma, imafuna kachikwama kakekake ka pa lamba. Ndipo ikamasula imamasula zonse. Ngati wawombera ziwiri zokha, sungathe kuwonjezera ziwiri. Uyenera kukhuthula zinayi zabwinobwino kuti uike 6.

Speed strip ndi kalamba kafupi kofewa, kokhala ndi timaenje timene timagwira chipolopolo chilichonse pa mkombero wake wa kumbuyo. Kampani ya Bianchi ya ku America ndi imene inakatchukitsa m'zaka za m'ma 1970, ndipo masiku ano a Tuff Products amapanganso tawo totchedwa QuickStrip. Zipolopolo zimaima pamzere, zonse zitaloza kumodzi. Ubwino wake waukulu kwa mlonda ndi wakuti sikasankha mfuti, kamangosankha chipolopolo. Sitiripi ya .38 Special imagwiranso .357 Magnum chifukwa mkombero wawo ndi umodzi, ndipo imagwira ntchito pa volovolo ya mabowo 5 kapena 6, kaya ndi Smith & Wesson, Taurus, Ruger kapena Colt. Ndi yopyapyala, sikhala ndi chitsulo choti chingathyoke, ndipo mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi speedloader pamodzi ndi kachikwama kake. Kuipa kwake n'kwakuti imachedwa, chifukwa umaika ziwiriziwiri, katatu kuti silinda idzaze.

Ine kwa iwe ndikuti sitiripi. Mnzako wa galimoto za ndalama, ngati tsiku lililonse amasainira mfuti imodzimodziyo, speedloader ikumuyenera, ngakhale kuti iyenso ndingamuuze kuti akhale ndi sitiripi pambali. Koma mlonda wa pa geti amene mfuti imamusinthasintha, ndipo ndalama zake ziyenera kukwanira lendi, kombi ndi sukulu ya mwana, agule chimene chidzagwire ntchito pa mfuti iliyonse imene angam'patse.

Pogula uonetsetse timaenje. Ya Bianchi ili ndi 6, ndipo ukaidzaza yonse, pogwira pamangotsala kamchira kakang'ono kumapeto. Ukapeza ya timaenje 8, itenge: uike ziwiri, usiye kamodzi, ziwiri, usiye kamodzi, ziwiri. Mipata imeneyo imapatsa malo silinda ndi zala zako, ndipo ziwiri zotsatira sizigundana ndi mfuti pamene ukuika zoyambazo. Kwa anthu a zala zikuluzikulu kusiyana kwake kumamveka tsiku loyamba lomwe.

Kaikidwe kake, ngati umagwiritsa ntchito dzanja lamanja, n'kotere. Chala chichoke pa tiriga. Tsegula silinda, mfuti ipite m'dzanja lamanzere, zala ziwiri zapakati zitadutsa pa mpata wa silinda n'kuigwira kuti isazungulire yokha. Lozetsa mpope kumwamba n'kumenya kachitsulo kotulutsa makoko kamodzi, mwamphamvu. Ukakankha monyengerera mpope uli chogona, khoko limodzi limatha kugwera pansi pa kachitsulo kaja, ndipo kulichotsa pamenepo ndi ntchito ya mphindi zingapo. Makoko agwe pansi, usawawakhe, udzatola pambuyo. Kenako mpope uloze pansi, mfuti ili pafupi ndi mimba, kuti zipolopolo zizilowa ndi kulemera kwake. Dzanja lamanja litenge sitiripi, chala cholozera chitagona pamsana pake. Lowetsa mitu iwiri m'mabowo awiri oyandikana, dina, n'kupinda kalambako chokwera kuti kasiye zipolopolozo. Usakoke chowongoka, zimatulukanso. Chala chachikulu chamanzere chizungulitse silinda, uikenso ziwiri. Ukamaliza, sitiripi igwe pansi. Tseka silinda poikankha ndi chikhatho. Zija zoitseka poigwedeza ndi mkono, zimene anyamata amaonera m'mafilimu, zimapinda kachitsulo kamene kamanyamula silinda, ndipo mfuti zambiri za makampani zimene zimalavula mtovu m'mbali zinawonongeka choncho.

Pali chinthu chimodzi chimene alangizi ambiri amadumpha. Nthawi ikakuthera utangoika ziwiri zokha, uyenera kudziwa mbali imene silinda yako imazungulirira, apo ayi udzakoka tiriga pa mabowo opanda kanthu. Ukaiyang'ana chakumbuyo, ya Smith & Wesson, Taurus ndi Ruger nthawi zambiri bowo lapamwamba limapita kumanzere, kutanthauza kuti limene lili kumanja kwa lapamwamba ndi limene lidzawombe. Ya Colt imazungulira mosiyana. Tsiku limene wapatsidwa mfuti yachilendo, uione zimenezi ilibe kanthu, pamaso pa woyang'anira chipinda cha mfuti.

Ponyamulira pake pakhale pamodzi, tsiku ndi tsiku. Ine ndimakonda kachikwama ka pa lamba, kutsogolo, chakumanja kwa chomangira lamba, chifukwa dzanja lamanja ndi limene limatenga. Kamchira ka sitiripi kaloze kumwamba. Ngati kachikwama sunakapeze, thumba lakumanja la buluku likhale la sitiripi yokha, lopanda foni, lopanda makiyi. Thumba lakumbuyo ayi: umakhalira, labala imapindika, ndipo ukagwada kuseri kwa khoma sungafikeko msanga. Ukumbukirenso jasi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti alonda onse a ku Msasa, Graniteside ndi Workington amavala majasi aatali ofika m'mawondo, ndipo nthawi ya mvula amavala malenikoti. Lamba yense amakhala mkati. Ngati sunayesepo kufika pa kachikwama utavala jasi ndi magolovesi, sukudziwa ngati ungathe. Usiku wozizira sitiripi ikhoza kusamukira m'thumba lakunja la jasi, bola likhale thumba lomwelo nthawi zonse.

Kuyeserera kumachitika ndi zipolopolo zabodza zophunzirira, zopanda onga, ndipo zenizenizo zikhale zitatsekeredwa m'chipinda china. Pa geti usiku si poyeserera. Alonda ambiri amene anadziwombera mwendo kapena kuboola denga la kanyumba ka pa geti anali akuseweretsa mfuti chifukwa cha tulo ndi kusowa chochita. Pempha supavaiza wako kuti tsiku limene mukupita kokawombera, kaya ndi ku Cleveland kapena kwina kumene kampani yanu imapita, akupatseni nthawi yoyeserera kuika zipolopolo, poyamba mukuyang'ana, kenako mutatsinzina. Makampani ambiri amangopatsa munthu zipolopolo zochepa kuti awombere chandamale, asaine, basi. Zimandipweteka mtima, chifukwa gawo limeneli silidya ngakhale chipolopolo chimodzi.

Supavaiza yemweyo umuuze usanasinthe chilichonse pa yunifolomu. Mfutiyo ndi zipolopolozo si zako, zili pa chiphaso cha kampani pansi pa lamulo la mfuti la Firearms Act, Chapter 10:09, ndipo ntchito yanu ya ulonda ili pansi pa Private Investigators and Security Guards (Control) Act. Wasainira 12, ubweze 12. Chimodzi chikasowa ndi mlandu, chimodzi chikapitirira ndi mlandunso. Ndikunena izi chifukwa munthu akagula sitiripi ziwiri amayamba kuona ngati yachiwiriyo ikufuna kudzazidwa, ndiye wina pa bawa amamuuza kuti ali nazo zotchipa. Chipolopolo cha mumsewu sudziwa kumene chachokera, ndipo ukapezeka nacho kampani siidzakuimira. Apa sitiripi imathandizanso: posinthana shifiti, kaenje kopanda kanthu kamaoneka nthawi yomweyo, pamene za m'thumba umadzazindikira uli kale mu kombi ya ku Mabvuku.

Ndipo mphwanga, ukamva anthu akudula waya kuseri kwa fakitale, choyamba ndi wailesi ndi batani la alamu, chachiwiri ndi khoma loti ubisalepo. Katundu wa mu fakitale ali ndi inshuwalansi. Zipolopolo zapaderazo ndi zoti zikufikitse kwanu wamoyo anzako asanafike, si zothamangitsira anthu mpaka ku Epworth.

*

Malume, ndili ndi golosale ku Machipisa ndipo ndili ndi chiphaso cha volovolo yaing'ono ya mabowo 5. Ndinasoketsa kachikwama kachikopa ku Magaba kosungiramo zipolopolo zapadera. Tsopano zayamba kumera zinthu zobiriwira zonata, ndipo china chikukana kulowa mu silinda. Kodi zawonongeka? Ndisoketse kena?
Wa golosale, Highfield

Achimwene, wosokayo sanalakwe, chikopa ndi chimene chimatero. Khoko la chipolopolo ndi la bulasi, chitsulo chosakaniza mkuwa ndi zinki. Mankhwala amene amafufutira chikopa ali ndi asidi, ndipo akakumana ndi thukuta lanu ndi chinyezi cha Novembala mpaka Malichi, amadya mkuwawo n'kutulutsa dzimbiri lobiriwira limene mukulionalo. Limaunjikana pa khoko mpaka chipolopolo chimanenepa, n'chifukwa chake chikukana kulowa. Apolisi akale amene ankanyamula zipolopolo m'timalupu ta pa lamba wachikopa ankalidziwa bwino vutoli, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene opanga zipolopolo anayambira kukuta makoko ena ndi nikelo. Makoko oyera onyezimira aja sachita dzimbiri limeneli msanga. Mukapita kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka, funsani ngati ali nazo zotero.

Zimene muli nazozo zipukuteni ndi kansalu kouma. Dzimbiri likachoka n'kusiya khoko losalala, yesani chilichonse m'mabowo onse 5, mpope utaloza malo otetezeka, chala chili kutali ndi tiriga: chiyenera kulowa chokha ndi kutuluka chokha mukazondotsa. Zikatero, mukaziwombere kumalo ophunzirira n'kugula zatsopano zonyamula. Koma chimene chadyeka mpaka kuoneka timaenje, kapena chili ndi mng'alu, kapena mutu wake ukugwedera, musachiwombe. Chibwezeni kwa wogulitsa kapena ku polisi. China ndi ichi: musazipake oilo, ndiponso musazipopere mankhwala aja opopera maloko ndi mabawuti. Mafuta opyapyala amatha kulowerera mpaka pa kapu kamene kamayatsa onga, ndiye chipolopolo chimaoneka chokongola kunja koma chitafa mkati.

Kachikwama katsopano mukhoza kusoketsa ku Magaba komweko, anyamata aja ali ndi luso. Ine ndikanasankha nsalu yolimba ya nayiloni, yonga ya zikwama za asilikali. Ngati mtima wanu uli pa chikopa, auzeni aike nsalu mkati, ndipo usiku uliwonse muzichotsamo zipolopolo n'kuzitsekera mu sefa pamodzi ndi mfuti. Popita kokayeza mutenge sitiripi yokhala ndi zipolopolo zabodza, zenizeni zisapite pa benchi la wosoka. Kuya kwake kukhale koti kamchira ka sitiripi kazitulukira pang'ono kuti zala zizikapeza. Chotsekera chikhale batani lodina. Velcro, chotsekera chija chomatirira, imalira potsegula, imatola ulusi, ndipo ikakalamba imatseguka yokha mukamawerama kunyamula matumba a ufa. Polowera lamba pakhale pothina, chifukwa kachikwama koyendayenda m'mawa kamakhala kutsogolo, masana kali m'chiuno chakumbuyo.

Pali mtundu winanso wa kachikwama umene anthu a volovolo amaukonda, wogawidwa patatu, chigawo chilichonse cholowa zipolopolo ziwiri. Mukatsegula chivundikiro, sizikhuthuka, mumazitola ziwiriziwiri. Ndi kabwino, kamabisika pansi pa malaya, koma ngati ndi kachikopa vuto la dzimbiri lidzabweranso, ndipo kutola ziwiri ndi zala zonjenjemera n'kovuta kuposa kugwira sitiripi.

Mfuti yanuyo ndi ya gulu la Smith & Wesson Model 36, imene inayamba kupangidwa mu 1950, ndi zina zotengera pamenepo. Silinda yake ndi yaing'ono, mpata pakati pa silinda ndi chigwiriro ndi wochepa, ndipo kachitsulo kake kotulutsa makoko ndi kafupi moti sikakankha khoko lonse. Choncho kwa inu kulozetsa mpope kumwamba ndi kumenya mwamphamvu n'kofunika kuposa kwa mlonda wa ku Mabvuku uja. Mu sitiripi ya timaenje 6 ikani 5: ziwiri, ziwiri, chimodzi, n'kusiya kaenje ka kufupi ndi kamchira kuti pakhale pogwira. Ena amaika 4 zokha, ziwiri, mpata, ziwiri, poti kuika kawiri n'kutseka kumafulumira kuposa kufunafuna bowo lachisanu. Yesani njira zonse ziwiri ndi zipolopolo zabodza, manja anu adzasankha. Kulemera sikudzakuvutani, chipolopolo chimodzi cha .38 Special cha mutu wa magireni 158 (pafupifupi magalamu 10) chimalemera pafupifupi magalamu 15.

Labala nayo imakalamba. Musaisiye m'galimoto pa dzuwa la Okutobala. Kamodzi pa mwezi igwireni pa kamchira n'kuigwedeza mitu italoza pansi, pamwamba pa bedi. Chikagwa chimodzi, kapena mukaona ming'alu m'mbali mwa timaenje, sitiripiyo yatha ntchito. Ndipo poti chiphaso chili m'dzina lanu, onaninso chiwerengero cha zipolopolo chimene chinalembedwapo, kuti za mu mfuti, za mu sitiripi ndi za mu sefa mukaziphatikiza zisapitirire pamenepo.

*

Malume, bambo a kunyumba kuno ndi mlonda. Sabata yatha ndikuchapa yunifolomu yawo ndinapeza zipolopolo ziwiri m'thumba la buluku, zitanyowa kale m'madzi a sopo. Ndinazibisa m'kabati. Ndili ndi ana atatu, wamng'ono ndi wa zaka 4. Ndikuopa kuwauza kuti angakwiye, ndikuopanso kuti ziphulika. Nditani?
Mayi a ku Mufakose

Mayi, mtima ukhale m'malo, chipolopolo sichiphulika chokha chili m'kabati, ngakhale mutachigwira kapena kuchigwetsa pa mkeka. Zimene zimachiphulitsa ndi moto ndi kumenyedwa pa kapu kake kakumbuyo. Choncho musaziponye pa mbaula, musazitaye m'bini kapena kudzala kumene zinyalala zimawotchedwa, ndiponso musaziponye m'chimbudzi. Choopsa chenicheni ndi ana. Mwana akapeza kanthu konyezimira kotero amakaika m'kamwa, ndipo mutu wake ndi wa mtovu. Wokulirapo amakatenga n'kupita nako kwa anzake, kumene wina amabweretsa msomali ndi mwala. Khoko likaphulikira m'manja limang'ambika, ndipo tizidutswa take timalasa zala ndi maso. Lero lomwe zichoke m'kabati, zipite pamalo okhoma ndi loko, kiyi akhale ndi inu.

Bambowo muwauze madzulo ano, ana atagona. Simunalakwe kanthu, munkachapa zovala. Mwinanso iwo akusowa tulo, chifukwa ngati ndi za kampani ndiye kuti buku la kuntchito likusonyeza kuti ziwiri zikusowa, kapena wina anasaina osawerenga. Ayenera kuzibweza kwa woyang'anira chipinda cha mfuti, anene kuti zinanyowa, ndipo zilembedwe mu OB, buku lolembamo zochitika pa ntchito. Asangozibwezera mwakachetechete m'gulu la zinzake. Chipolopolo chimene chamira m'madzi a sopo chikhoza kuwomba, chikhoza kukana, chikhozanso kuwomba mofooka n'kusiya mutu utatsakamira mu mpope, ndipo chotsatira chikawombedwa pamenepo mfuti imatha kuphulikira m'manja mwa munthu. Amene adzapatsidwe zipolopolo zimenezo mawa akhoza kukhala iwo omwe kapena mnzawo.

Mukamakambirana, muwaonetse yankho limene ndapereka kwa mlonda wa ku Mabvuku. Zipolopolo zikakhala mu sitiripi sizitsalira m'ngodya ya thumba, zimatuluka zonse pamodzi. Ngati anganene kuti si za kampani, nkhaniyo ndi ina ndipo ndi yaikulu, chifukwa kusunga chipolopolo ngakhale chimodzi popanda chiphaso ndi mlandu m'dziko muno. Zikatero musalimbane nawo nokha, itanani ankhoswe kapena mkulu wa mpingo amene bambowo amamumvera, kuti awaperekeze ku polisi kukazipereka.

*

Malume, bambo athu anamwalira chaka chatha. Potsegula thiranki lawo tinapeza volovolo yakale yolembedwa Webley, yotseguka pothyola pakati, ndi kabokosi ka zipolopolo zochepa. Mnzanga akuti akhoza kundipezera za .38 ndi speed strip kuti ndizitetezera pakhomo. Kodi zidzalowa?
Mwana wamasiye, Dzivarasekwa

Pepani ndi maliro, achimwene. Koma mnzanuyo mumuyankhe kuti ayi, pa zifukwa ziwiri.

Choyamba ndi lamulo. Chiphaso cha mfuti chimakhala cha munthu mmodzi, sichilowa m'chuma chamasiye ngati njinga kapena wailesi. Ngakhale bambo anali nacho, inu mulibe, ndipo panopa mukusunga mfuti ndi zipolopolo popanda chilolezo. Mu 2022 boma linapereka nthawi, kuyambira mu Ogasiti mpaka kumapeto kwa Seputembala, yoti anthu apereke mfuti zotere ku polisi popanda kuimbidwa mlandu, ndipo zina mwa zimene ankafuna zinali zomwezi, zotsala m'manja mwa achibale a anthu omwalira. Musadikire kuti nthawi yotero ibwerenso. Munthu amene wapita yekha kukanena kuti wapeza mfuti m'katundu wa malemu amalandiridwa mosiyana ndi amene yapezeka naye pa chipikisheni.

Chachiwiri ndi mfuti yeniyeniyo. Dzina lakuti .38 lasocheretsa anthu ambiri. Ma Webley Mark IV ndi ma Enfield No. 2 amene asilikali a Britain ankagwiritsa ntchito pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, amene ambiri anatsalira m'maiko athu ano kuchokera nthawi ya atsamunda, amadya chipolopolo chotchedwa .38 S&W, chimene Angelezi ankachilemba .38/200 kapena .380. Chimenechi ndi chachifupi ndi chonenepa pang'ono. Chimene alonda a mu Harare amanyamula ndi .38 Special, chachitali, khoko lake lokha ndi mamilimita 29, ndipo mphamvu yake ndi yoposa. Ziwirizi sizilowana. Palinso ma Webley akuluakulu a .455, amene ndi nkhani inanso. Ndiye pali anthu amene amati chipolopolo chikakana, amapita nayo mfuti kwa wowotcherera zitsulo kuti akuze mabowo. Volovolo yothyoka pakati imadalira kachitsulo kamodzi kapamwamba kuti ikhale yotseka, ndipo iyi yatha zaka zambirimbiri m'thiranki. Zipolopolo za m'kabokosizo nazonso n'zakale mofanana.

Ngati mukufuna kuisunga monga chikumbutso cha bambo, kapena mukufunadi mfuti yotetezera pakhomo, njira yake ilipo: mfuti imakasungidwa ku polisi kapena kwa wogulitsa wovomerezeka pamene nkhani ya chuma chamasiye ikuyenda, inu n'kupempha chiphaso m'dzina lanu, ndipo adzafuna kuona kuti muli ndi sefa yomangirira kukhoma. Chikatuluka, mupite nayo kwa katswiri wokonza mfuti aione kaye, ndipo iye ndi amene adzakuuzeni chipolopolo chake ndi chonyamulira chimene chingagwirizane nayo.

Pakali pano musaiyese, musakoke tiriga kuti muone ngati ikugwira, ndipo musaikwere nayo kombi. Khomani thirankilo, fufuzani m'mapepala a bambo ngati muli chiphaso chakale, mutenge chimenecho ndi kalata ya imfa ndi chitupa chanu, mupite ku polisi ya Dzivarasekwa chimanjamanja mukafotokoze. Iwo ndi amene adzanene ngati abwera kudzaitenga okha kapena akuperekezani.